Batire kaye, kanema pambuyo: mmene wailesi ndi dishi zidalowera m'nyumba za ku Chiradzulu

Munthu akabwera kudzanditenga kuti ndikamulumikizire zoonera kunyumba kwake, mawu ake oyamba amakhala a kukula kwa TV. Uyu akufuna ya mainchesi 43, uyo ya 55 poti mlamu wake wa ku Bangwe adagula yotero. Ine ndimamvetsera, akamaliza ndimafunsa kuti moto wake uchokera kuti. Ambiri amaona ngati ndikuwachedwetsa. Komatu funsoli sindidaliyambitse ine. Lakhala likufunsidwa m'boma lino kwa zaka zoposa 70, ndipo chipangizo chilichonse chimene chidalowapo m'nyumba zathu, kuyambira wailesi ya agogo mpaka dishi ya lero, chidakhalitsa kapena kusanduka chokongoletsera pakabati malinga ndi yankho lake.

Boma lathu lili pafupi zedi ndi Limbe. Wa pa Njuli kapena pa Nguludi amapita m'tauni m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanapendeke, choncho katundu watsopano sachedwa kutipeza. Zimene zimachedwa ndi nthambo za magetsi. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 350,000 ku Chiradzulu, ndipo m'dziko lonse nyumba zoyatsa magetsi a ESCOM zinali pafupifupi imodzi pa khumi zilizonse, zambiri mwa izo zili m'tauni. Ife tidazolowera kuona chinthu m'sitolo zaka zambiri pholo la magetsi lisanadzalidwe m'mudzi mwathu, ndipo luso lonse la amisiri a kuno lidabadwira pampata umenewo.

Wailesi ya anthu wamba idafika cha m'ma 1949. Nthawi imeneyo mawu a Chinyanja ankachokera ku Lusaka, ku Central African Broadcasting Station. Mkulu wa zofalitsa nkhani kumeneko, Harry Franklin, adaona kuti kuulutsa mawu n'kutaya nthawi ngati anthu alibe chomverera, ndiye adanyengerera kampani ya Ever Ready ya ku Britain kuti ipange wailesi yotsika mtengo. Idatuluka yobulungira, yachitsulo chopangira masefuliya, yopakidwa utoto wabuluu, dzina lake Saucepan Special. Mtengo unali mapaundi 5, batire lake mashiling'i 25. Onani bwino amene adavomera ntchitoyi: ogulitsa mabatire. Wailesi unkagula kamodzi, koma batire, lalikulu moti wailesiyo inkakhala pamwamba pake, linkatha pakapita maola pafupifupi 300, mwini wake n'kuyambanso ulendo wa kusitolo.

Agogo anga aamuna ankasimba kuti m'mudzi mwathu inalipo imodzi yokha, ya aphunzitsi. Waya wautali unkachoka patsindwi kukamangidwa pamtengo wa mango, wina unkatsikira pachitsulo chokhomedwa pansi, pamene mwana ankathirapo madzi m'chilimwe kuti mawu asamalowe mphepo. Aphunzitsiwo ankaitulutsa pakhonde madzulo, anthu n'kukhala pabwalo kumva nkhani ndi mawu a Alick Nkhata, ndipo ola likakwana ankaitseka ngakhale nyimbo ili pakati. Palibe ankadandaula. Aliyense ankadziwa mtengo wa batire.

MBC itakhazikitsidwa mu 1964, nyengo inali itasintha. Mawailesi a ma transistor sankadya moto wambiri, ankangofuna miyala ya tochi. Kampani ya Nzeru ku Blantyre idayamba kupanga mawailesi konkuno, ndipo a Supersonic ankabwera kuchokera ku Bulawayo. Bambo anga anali ndi Nzeru yosokeredwa kansalu kake, ndipo akamachoka pakhomo ankachotsa miyala n'kuika m'thumba la jekete. Ife tinkatola yakutha, kuyanika padzuwa, kuilumikiza yambirimbiri m'chipepala chokulunga kapena mu nsungwi yong'amba pakati, kuti mwina tingamveko Kapalepale kapena Pamajiga. Akuluakulu ankasungira moto nkhani ndi mauthenga achisoni, pakuti m'masiku opanda foni maliro a m'bale wa ku Nchalo kapena ku Kasungu unkawamvera pamenepo. Chilomwe ndi Chiyao, zimene agogo ambiri a kuno ankalankhula pamoto, sizinkamveka m'bokosimo. Zidayamba kulowa ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994.

Phokoso lenileni lidabwera ndi a ku Joni. Wobwera ku Wenela ankatsika ndi sutukesi, bulangete, njinga ndi gumbagumba, pamodzi ndi mbale za simanjemanje. Ulendowu udaima mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 obwerera kwawo, udayambanso mu 1977 pansi pa TEBA, n'kudzatheratu mu 1988. Koma magumbagumba adatsala, ndipo ndi amene adaphunzitsa anthu a kuno kulumikiza. Amalume anga ankasunga makinawo kuchipinda kuopa fumbi ndi manja a ana, n'kutulutsa waya pazenera kukafika pa sipika imene adaikhazika kukamwa kwa mtsuko. Mtsukowo unkakuza mawu apansi mpaka kumveka kutsidya kwa dambo. Paukwati kapena pamowa wamasese, mwini gumbagumba ankalipidwa, ndipo chigawo cha ndalamazo chinkapita ku mabatire asanadye n'kamodzi komwe. Makina pobisika, mawu pamene pali anthu, waya pakati: mpaka lero nyumba yolumikizidwa bwino imatsata dongosolo lomweli.

Zithunzi zidachedwa, ndipo sizidachedwe mwangozi. Rhodesia idayamba kuulutsa kanema mu 1960, Kitwe mu 1961, South Africa mu 1976, koma m'zaka zonse za Dr Kamuzu Banda Malawi idalibe wailesi yakanema. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mafilimu, mabuku ndi nyimbo, ndipo chimene bungwelo lakana sichinkaonetsedwa poyera. Kanema amene ife ana a kumudzi tinkamudziwa anali wa galimoto zachikasu za a zaulimi, zobwera ndi jenereta yakeyake, nsalu yoyera ndi filimu yophunzitsa kuthira feteleza. Zikafika pabwalo la sukulu, mudzi wonse unkasiya maungu pamoto.

Kenako kudabwera deki ndi matepi a VHS, poyamba m'nyumba za mabwana m'tauni, ndipo m'zaka za m'ma 1990 mavidiyo adafalikira m'misika yonse ya mumsewu wa Zomba, pa Njuli, pa Mbulumbuzi, pa Namadzi, mpaka kulowa mkati ku Namitambo. Ntchito yanga ndidaiphunzirira mmenemo. Chinyumba chake chinali cha mpanda wa udzu kapena masaka, mabenchi a matabwa otsala, mdima wa dala ngakhale masana, bolodi panja lolembedwa ndi choko kuti lero kuli Rambo, Bruce Lee kapena Chuck Norris. Sipika imodzi inkayang'ana kumsewu kuti mfuti ndi zibakera ziitane makasitomala. Mdani wamkulu anali fumbi. Linkamata pamutu wa deki, chithunzi n'kuyamba mizeremizere, ndipo tinkatsegula chivundikiro n'kupukuta ndi kapepala koyera konyowetsa ndi sipiriti, anthu akukuwa kuti abwezeredwe ndalama. Kumene kunalibe magetsi tepi tinkaibweza ndi dzanja, pakuti kuibweza ndi deki kunali kuwotcha petulo pachabe. Aphunzitsi ndi makolo ankadana nawo mavidiyowa chifukwa ana ankathawa m'kalasi, ndipo sankanama. Koma amisiri ambiri amene lero akukweza madishi m'boma lino adadziwira waya wofiira ndi wakuda m'zisakasa zomwezo.

Television Malawi idayamba pa 1 Epulo 1999, m'nthawi ya Bakili Muluzi, ikuulutsa maola ochepa madzulo kuchokera ku Kwacha mu Blantyre. Chaka chimenecho nsungwi zazitali zidakwera mtengo. Eriyo inkamangidwa kunsonga, nsungwi n'kuimikidwa pambali pa nyumba, ndipo TV yake inali yaing'ono ya mainchesi 14, yosaonetsa mitundu, yokhala ndi timano tiwiri toluma pa batire la galimoto. Batirelo likafooka chithunzi chinkayamba kufupika m'mbali, anthu a pa TV n'kusanduka afupiafupi, ndipo m'mawa mwake mnyamata ankalimanga pakaliyala wa njinga kupita nalo kokatchajitsa pamsika. Asidi ankadya mathalauza ambiri m'zaka zimenezo.

Apa ndi pamene tidadziwira kuti phiri lathu lili ndi mbali ziwiri. Mafunde a kanema amayenda mowongoka, sakhota. Midzi yoona bwino mbali ya Limbe, kumene kuli milongoti ya pa Mpingwe, inkalandira chithunzi choyera, koma amene phiri la Chiradzulu kapena kaphiri kena kawatchinga ankangoona timadontho tothwanima. Nyumba iliyonse inali ndi mwana wake wopotokola nsungwi. Iye panja akufuula kuti, "Bwanji pano?" a m'nyumba akuyankha kuti, "Bwezani pang'ono! Pomwepo, musagwedezenso!" Tikuferanji ikayamba, pabalaza pankadzaza mpaka ena kuonera pazenera, ndipo amayi a pakhomo ankadziwiratu kuti mkeka wawo sukhalitsa.

Dishi idathetsa nkhani ya phiri, chifukwa imayang'ana kumwamba. DStv idayamba mu 1995 koma inali ya opeza bwino ndi malo omwera. Imene idalowa m'midzi ndi dikoda yosalipira mwezi ndi mwezi, Philibao ndi Wiztech, zimene zidadzaza masitolo a mu Limbe m'zaka za m'ma 2000. Ukagula kamodzi unkaonera SABC ya ku South Africa ulele, moti amayi a kuno ankadziwa za mabanja a mu Generations ndi Muvhango kuposa za aphungu awo. Mu 2013 eni ake adatseka mafundewo kuti asamaonekenso kunja kwa dziko lawo, ndipo tsiku limodzi lokha madikoda zikwizikwi adatsala ndi matchanelo a mapemphero, Emmanuel TV ya T.B. Joshua patsogolo. Anthu ankabwera nawo kwa ife atawakulunga m'chitenje kuti tiwakonze. Panalibe chokonza. Zofananazo zidaonekanso mu Ogasiti 2023, MultiChoice italengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi pa mkangano wa mitengo ndi bungwe la MACRA, mpaka idabwerera mu Disembala. Ndiye ine sindilola kuti nyumba idalire khomo limodzi lolowera zithunzi, lolipira kapena laulere.

Ndikamayenda pamsewu ndimadziwa za m'nyumba poona kumene dishi yaloza. Masetilaiti onsewa ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa ikweta, ndipo ife tili kumwera kwake ndi madigiri pafupifupi 16, choncho palibe dishi ya kuno yoyang'ana kumwera. Yoloza kum'mawa chakumpoto ikufuna setilaiti ya pa madigiri 68.5, kumene kuli matchanelo ambiri aulere. Yoyang'ana m'mwamba kwambiri chakumpoto ili pa madigiri 36, pafupifupi pamutu pathu penipeni popeza Chiradzulu ili pa 35, ndipo imeneyo ndi ya DStv. Zopenya kumadzulo chakumpoto ndi za Azam, Zuku kapena StarSat. Kuphonya ndi chala chimodzi chokha, chithunzi palibe. N'chifukwa chake dishi siikidwa pamtengo wamoyo, umene umakula ndi kugwedezeka, kapena pamalata, amene amavina ndi mphepo. Imafuna khoma la njerwa zootcha kapena chitsulo chothiridwa simenti. Dikoda imatumiza mavoti 13 kapena 18 kukwera ndi nthambo yomweyo kukapatsa moto LNB, kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi, ndiye madzi akalowa polumikizira, dzimbiri limayamba ndipo matchanelo amasowa theka. Polumikizira pamafuna tepi, ndipo nthambo isanalowe m'khoma iyambe yatsika pang'ono n'kukweranso kuti madzi a mvula adonthere panja. Mvula yoyamba ya Novembala ikamabwera ndi ziphaliwali, zulani pulagi ndi nthambo ya dishi yomwe. Madikoda ambiri amene ndawaona atapsa, moto udalowera kumeneko.

Kusamuka kuchoka ku kanema wakale kupita ku wa digito, kumene maiko adagwirizana kuti kuchitike pofika pa 17 Juni 2015, kudabweretsa Kiliye Kiliye ndi GOtv, nsungwi zija n'kuukanso. Sindikhalitsapo, chifukwa chimene chidasintha kwambiri pabalaza m'zaka zimenezo sichidadzere mumlengalenga. Chidadzera m'thumba. Matepi atagonja kwa ma VCD ndi ma DVD otchipa, mafilimu a ku Nigeria n'kulanda malo a Rambo, nawonso ma DVD adagonja kwa fulashi ndi kamemore ka mufoni. Pamsika uliwonse padapezeka mnyamata wa kompyuta yakale wobena nyimbo ndi mafilimu, ambiri mwa iwo omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a m'tauni amene nthabwala zawo nthawi zina zimaposa filimuyo. Iye amadzaza kompyuta yake kuchokera kwa mnzake wa ku Limbe, wa ku Limbe amalandira hard drive yobwera pa basi kuchokera ku Joni kudzera pa Mwanza, ndipo filimu ikafika m'mudzi imadumpha yokha kuchoka pafoni kupita pafoni. Oimba ndi opanga mafilimu athu amalira nazo, poti thukuta lawo limagulitsidwa iwo osaonapo kanthu, ndipo kulira kwawo n'komveka. Koma amene akufuna kumvetsa chifukwa chake malondawa sakufa awerengere bandulo. Kuonera filimu pa intaneti kumadya pafupifupi 1GB pa ola, ndipo chithunzi chikakhala chowala bwino zimafika 3GB. Banja loonera maola atatu usiku uliwonse lingamalize ndalama ya thumba la feteleza osadziwa. Choncho TV yopanda polowetsa fulashi ndimaikana ngakhale itatchipa.

Tsiku limene anthu a kuno adaphunzira za moto mosaiwalika ndi 25 Januwale 2022. Namondwe Ana anali atangowononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo madera ambiri anali mumdima. Usiku womwewo Flames inkasewera ndi Morocco mu AFCON ku Cameroon, koyamba kufika ndime imeneyo. Gabadinho Mhango atamenya chigoli chija chakutali m'mphindi zoyambirira, ambiri okhala ndi mapulazima akuluakulu a pakhoma adachimva pawailesi ya miyala kapena kuchionera kwa mnansi wa kasola kamodzi ndi ka TV ka mavoti 12. Tidagonja 2-1, koma m'miyezi yotsatira, magetsi akuthimathima, ndidaika masola ambiri m'nyumba zimene zili kale ndi mita.

Masamu ake ndi awa, ndipo ndimawalemba pansi mwini nyumba akuona. TV ya LED ya mainchesi 32 imadya mawati pafupifupi 45, dikoda 12, sabuufa yaing'ono 25, rauta 10. Zonse pamodzi ndi mawati 90 ndi kanthu, ndipo maola anayi a madzulo ndi pafupifupi 370. Batire la mavoti 12 ndi 100Ah limasunga 1,200, koma batire la asidi lili ngati nkhokwe: ukamakokola mpaka pansi tsiku ndi tsiku, chaka sichitha. Gwiritsani theka, 600, ndipo inveta idyapo gawo lake. Sola ya mawati 150 imabwezeretsa zimenezo dzuwa likawala tsiku lonse. Koma kuno si ku Nsanje. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chimatha kukuta phiri masiku angapo, kamvula kakuwaza, sola osagwira kanthu. Woyesa zida zake ndi dzuwa la Okutobala adzalira mu Julayi, ndiye ndimawonjezera sola yachiwiri mwini asanawonjezere mainchesi. Batire la galimoto limene tidakulira lija silidapangidwire ntchitoyi. Ntchito yake ndi kuliza injini kamphindi. Ndipo pa mavoti 12, mawati 90 amakoka ma amp oposa 7, motero kawaya kopyapyala ka sipika kamene ambiri amalumikizira batire kamatentha n'kudya moto panjira. Waya wa batire ukhale wonenepa, waufupi, wokhala ndi fyuzi. Chikwereni mitengo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anthu amagula zidazi chimodzichimodzi, china akagulitsa nandolo, china ndi ndalama ya mkaka kapena tomato, ndipo amene wayamba ndi pulazima amaisunga m'katoni miyezi yambiri.

Intaneti yalowa m'nyumba kudzera mu rauta ya simukhadi ya TNM kapena Airtel, ndipo nkhani ya phiri yabwereranso, pakuti netiweki nayo imafuna kuona nsanja. Rauta siikidwa kuseri kwa TV chifukwa choti mpamene pali soketi. Ndimazungulira nyumba ndi foni kufuna zenera limene netiweki ikukwera, rauta n'kukhala pamenepo, pamwamba. Makoma a njerwa zootcha amafooketsa WiFi, makamaka ya 5GHz, ya 2.4GHz imaboola bwinoko koma imachedwerapo. Chinthu chosasuntha, monga TV kapena kabokosi ka Android, ndimachipatsa nthambo ya Cat6, imene imanyamula bwinobwino mpaka mamita 100, WiFi n'kutsalira mafoni. Laputopu yakale yothyoka sikirini isatayidwe: ikalumikizidwa ku rauta ndi hard drive, imasunga mafilimu, nyimbo za kwaya ndi zithunzi za ukwati, aliyense m'nyumba n'kumaonera pafoni pake osadya bandulo ngakhale pang'ono. Omanga nyumba ndi ndalama za ku Joni ndimawapempha chinthu chimodzi pulasitala asanamatidwe: mapaipi apulasitiki m'khoma, kuchoka pamene padzakhale TV kukafika kudenga ndi kuzipinda, muli kawaya kokokera. Paipi ndi yotchipa kuposa kugumula khoma, ndiponso makoswe a kusiling'i amakonda nthambo yosavala.

Starlink idayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, ndipo mbale zake zamakona anayi zayamba kuoneka apo ndi apo, pamalo ogona alendo ndi pa mabungwe. Siisamala za phiri, imangofuna thambo losatchingidwa ndi mitengo. Koma yokhayo imatha kudya mawati oposa 50 nthawi yonse imene yayaka, kuposa TV ija, ndiye woifuna kumudzi abwerere ku masamu a batire aja n'kuwachulukitsa.

Mavidiyo a pamsika sadafe. Akukhalira mpira wa ku England, Loweruka ndi Lamlungu, ndipo mwini wake wanzeru ali ndi dikoda ziwiri, sola ndi jenereta yodikira. Khamu lija la pakhonde la aphunzitsi nalo lilipo, kungoti masiku ano limatsamira mpanda wa nyumba ya rauta, aliyense maso pafoni pake. Mwana wa pakhomo akauza mnzake mmodzi pasiwedi, pofika Lachisanu mudzi wonse uli momwemo, bandulo ya mwezi n'kutha pa sabata. Ndikamaliza kulumikiza ndimatsegula netiweki yachiwiri ya alendo, yochepetsedwa liwiro, ndipo kasinthidwe ka pasiwedi ndimaphunzitsa amayi a pakhomo, osati bambo kapena anyamata. Iwo ndi amene amadziwa nyumba imene idawabwereka mchere ndi imene idawakaniza.